Woyeza Madzi Oundana

Oulu, mwezi wa Febuluwale.
Kunja dzuwa langosuzumira n'kubwerera.
M'chipinda changa mulibe zenera,
ndipo ndi bwino choncho:
ntchito yanga imadya mdima.

Bambo Torsti Haapala alowa, chipewa chaubweya m'manja,
nsapato zikusiya timadambo pansi.
Zaka makumi atatu akhala akuboola nyanja youndana
pamsewu wa m'nyengo yozizira wopita ku Hailuoto,
kulowetsa ndodo, kuwerenga, kulemba m'kabuku:
lero dutsani, lero ayi.
Akuti masabata atatu apitawo
mzere wa zikhomo zolozera njira unayamba kupindika,
mzere womwe anakhoma okha.
Atatsinzina diso lamanzere, unawongoka.
Atatsinzina lamanja, unakhotanso ngati mbedza.

Ndawadonthezera mankhwala, mwanadiso wayasama.
Chibwano apa, chipumi apa.
Yang'anani kanyenyezi kobiriwirako.
Musaphethire. Musaphethire, bambo. Basi.

Kuwala kwalowa osagogoda,
kwacheka diso popanda mpeni, popanda magazi,
ndipo pa sikirini patuluka nembanemba ya kumbuyo,
retina, yopyapyala kuposa chikhadabo,
mizere pamwamba pa mizere, yotuwa, yakuda, yotuwanso.
M'diso lamanja yagona mwabata, ndi kachigwa kake pakati.
M'lamanzere chinthu chaitukula kuchokera pansi
monga muzu umatukulira simenti ya m'mbali mwa msewu.
Pamsana pake timadontho ta dzimbiri.
Pambali, mpata wakuda bii.

Ine sindiloledwa kunena.
Onena ndi adokotala Vuorela, ikakwana leveni koloko.
Koma iwo apotoza khosi, aona kale.
"Chakudacho ndi madzi," atero, ndipo si funso.
"Madzi akalowa pakati, wapamwambayo amaoneka wolimba
koma sanyamula ngakhale galu."
Ndikonza mpando umene sunafune kukonza.

Kenako mafuta ozizira pachikope,
kachipangizo kakuitana m'kati ndi mawu omwe khutu silimva,
mawuwo akubwerera atapima.
Mamilimita anayi ndi theka.
Iwo apisa m'thumba, kabuku kaja, pensulo yofupika,
alemba manambala anga pansi pa a nyanja.

Adokotala atchula dzina: melanoma,
khansa yobadwira mu utoto wa diso lenilenilo,
mlendo wosachokera kwina.
Atchula Helsinki, sitima ya usiku,
kachitsulo konga batani kosokeredwa kuseri kwa diso
kuti kawotche chotupacho masiku angapo.
Atinso moto susankha:
ukapsereza chulu, udzu woyandikira umafota.
Bambo Torsti agwedeza mutu
ngati munthu amene wauzidwa za nyengo ya mawa.

Ndawajambula pa Meyi, nyanja itasungunuka.
Ndawajambula pa Okotobala.
Ndaika zithunzi mondondozana
ndipo phiri lija likutsika, pang'ono, mwamakani.
Madzi aphwa.
Koma ndikatsegula chithunzi cha timitsempha,
ukonde uja wosalala kuposa wa kangaude,
ndikupeza pena ulusi wasowa,
kamudzi kazimitsa nyali.
Izi sazimva kupweteka. Ndimaona ndine, iwo asanaone.
Ndicho cholemera pa ntchitoyi:
kufika kumaliro uthenga usanatumizidwe.

Febuluwale wina. Abweranso,
chipewa chomwe chija, timadambo tomwe tija.
Akuti chaka chino nyanja yachita ulesi,
msewu sunatsegulidwe, anthu akukwera boti.
Akuti khofi amathira pambali pa kapu nthawi zina,
mkazi wawo Aune amangopukuta osanena kanthu.
Akuti zikhomo zikadalipo, zokhota pang'ono,
koma zonse amaziwerenga.

Chibwano apa, chipumi apa.
Mamilimita awiri ndi kanyenyeswa.
Alemba. Atseka kabuku, andiyang'ana
ndi diso lalikulu lakuda lomwe ndalitsegula ndekha.

"Nanga lero," atero, "tidutse?"

Sindiloledwa kunena.
Ndiwatembenuzira sikirini,
woyeza aone yekha.